Script ya Python ikufera pa ma gz owonongeka, thandizeni

Wamacron: Akuluakulu thandizeni ndatopa nazo. Cron yanga ya usiku (yomwe imayendetsa script yokha nthawi ikakwana) imatsegula ma log a .gz (ma file ofinyidwa ndi gzip) ochokera kuma branch, ikangopeza file imodzi yoduka script yonse ikufa, mmawa ma report kulibe abwana akuyimbira ine. Ndinayika except gzip.BadGzipFile koma ikugwabe, pena EOFError pena zlib.error Error -3. Ndi Python 3.10. Nditani?

Mai wa backend: Achimwene BadGzipFile yo imagwira header yolakwika ndi CRC (nambala yochekera ngati data ilibwino) kapena size ikapanda kugwirizana basi. File yoduka pakati imaponya EOFError, zinyalala zamkati ndiye zlib.error, gwirani zitatu zonsezo ndipo file iliyonse ikhale ndi try yake, yoipayo muisunthire ku foda ina. Koma chonde osalemba except Exception: pass, mudzataya ma data mwakachetechete osadziwa.

Madala a ma server: Vuto si code aise, ndi katumizidwe. Pangani checksum (nambala yotsimikizira kuti file sinasinthe munjira) ndi sha256sum uku ndi uko, zikasiyana atumizenso.

Wa PHP: Zinandionekerapo izi kuntchito kwanga kwakale, ma gz onse a branch imodzi amakana kutseguka pomwe size ikuoneka ngati ilibwino, tinafufuza mpaka kukayikira disk kenako kupeza kuti munthu amatumiza pa FTP mu ASCII mode (yotumizira text, osati binary), ma byte akusinthidwa munjira. Ku PHP nkoipirapo, gzdecode (function yotsegulira gz) imangopereka warning ndi false, ukapanda kucheka umalemba zopanda kanthu mu database.

Madala a ma server: Mwamva? Katumizidwe. Ndanena kale.

Mai wa backend: Madala checksum ndiyabwino koma magetsi akathima gzip ili mkati molemba, file yawonongekera komweko, sha256 igwirizana mbali zonse pa file yoduka. Akuma branch alembe ku .tmp kaye, akamaliza asinthe dzina ndi mv, apange gzip -t (yoyesa ngati file ilibwino) asanatumize. China achimwene, musawerenge ndi read() kamodzi, kafile kakang'ono katha kufufuma nkudzaza RAM, OOM killer (wa Linux wopha process RAM ikatha) akaipha process palibe except yomwe ingagwire, mungoona exit 137. Werengani pang'onopang'ono, ikani malire.

Wamacron: 137 ndinaiona kale imeneyo, ndimayesa ndi cron yomwe.

Madala a ma server: Tumizani ndi rsync ndi checksum, zinazi mukungodzivutitsa.

Wa PHP: Nanga kuma branch ko ma UPS alipo? Athu mabatire anatha kalekale, alipo akudziwa kogula abwino ku Blantyre kuno?