N'chifukwa chiyani zipangizo zamagetsi za ATLAS amayamba azitenthetsa asanaziike?

Wophunzira zamagetsi:
Ndamva kuti zipangizo zina za ATLAS, chimakina chija chofufuzira tinthu ting'onoting'ono ku CERN pafupi ndi Geneva, zikupangidwa ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg. Chandizunguza n'chakuti akazipanga amazitenthetsa dala kwa maola angapo. Kodi kumeneku si kufooketsa chinthu chatsopano? Bwanji osangochiika, chikafa n'kuikapo china?

Injiniya wa ku Johannesburg:
Mwafunsa bwino. Zimenezo ndi za chigawo chotchedwa Tile Calorimeter, chimene chinamangidwa ndi zitsulo zosanjikizana ndi mapulasitiki amene amathwanima tinthu tikadutsamo. Kuwalako kumakafika ku ma photomultiplier pafupifupi 10,000, ndipo iwo amakusandutsa magetsi oti mabodi awerenge. Mabodiwo amadyetsedwa ndi timabokosi timene akatswiri amangotitchula kuti njerwa, totsitsa magetsi kuchoka pa 200 V kufika pa 10 V. Timabokosito tikufunika 2,048, pafupifupi theka ndi ta ku Wits, tinato ndi ta ku University of Texas at Arlington.

Vuto ndi malo amene timabokosito timakhala. Tili m'kati mwa chimakinacho, mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka, ndipo LHC (Large Hadron Collider, makina amene amawombanitsa mapulotoni kuti ATLAS iwafufuze) ikamagwira ntchito palibe munthu amene amaloledwa kulowamo. Kutsegula ATLAS kumadikira nthawi yopumira yaitali, choncho kakafa lero kakhoza kukhala kakufa miyezi yambiri. Tsono chipangizo chimene chili ndi chilema cha ku fakitale, monga mtovu wosagwira bwino, kawirikawiri chimafa m'masiku oyambirira. N'chifukwa chake njerwa iliyonse amaigwiritsa ntchito maola 8 pa kutentha kwa madigiri 60 Celsius, kuti yofookayo ifere pa tebulo pomwepo. Yabwino siivulala ndi maola ochepa chonchi.

Mphunzitsi wa fizikisi:
Ndiwonjezereko kuti kutenthetsa sikugwira vuto lina limene ine ndimaliona lalikulu, la radiation, cheza champhamvu chimene chimawononga zipangizo. Magulu a mapulotoni amawombana pa ma nanosecond 25 alionse (nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), ndipo tinthu totulukapo timakalambitsa ma transistor pang'onopang'ono, mwinanso kutembenuza 0 kukhala 1 m'malo amene chip imasungira zinthu mwadzidzidzi. Zimenezi sangayesere bodi lililonse, chifukwa kuyesako kumawononga. Amangotapa zitsanzo pa gulu limene agula n'kuziwomba ndi radiation. Pa mbali zofunika kwambiri, chip imachita ntchito imodzi katatu nthawi imodzi n'kutsata mayankho awiri amene agwirizana.

Wophunzira zamagetsi:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga njerwa ikapambana mayeso onsewa koma n'kudzaferabe m'katimo?

Injiniya wa ku Johannesburg:
Zimenezo anaziganizira. Pa kapangidwe katsopano ka High-Luminosity LHC, LHC yokonzedwanso kuti iziwombanitsa mapulotoni ochuluka, bodi lililonse lili ndi mbali ziwiri zodziimira pazokha, iliyonse ndi njerwa yake, ndipo maselo ambiri, timagawo ta Tile Calorimeter, amawerengedwa ndi ma photomultiplier awiri. Mbali imodzi ikazima muyeso umachepa kulondola, koma selo limaonabe.