Kuwonjezera pa funso lija la masewero a Shakespeare

Sabata yatha achemwali ena anafunsa kuti masewero a William Shakespeare anatifika bwanji, poti mwiniwake sanawasonkhanitse m'buku. Ndinayankha mwachidule kuti ndi anzake; lero ndiwonjezerepo.

Shakespeare anamwalira mu 1616 ku Stratford-upon-Avon, tauni ya ku England. Mu 1623 anzake awiri amene ankasewera naye, John Heminges ndi Henry Condell, anatulutsa ku London buku lotchedwa First Folio, la masewero 36. Mwa amenewa, 18 anali asanasindikizidwepo, kuphatikizapo Julius Caesar ndi Macbeth. Tangoganizani, Macbeth yemweyu amene ana athu amalimbana naye kusekondale akanatha kutayikiratu! Heminges ndi Condell ndimawalemekeza kwambiri. Chithunzi chotchuka cha Shakespeare wa chipumi chachikulu uja, chojambulidwa ndi Martin Droeshout, chili patsamba la mutu wa buku lomweli.