Ndipite ku Chanco kukaphunzira literature kapena ndimvere amalume?

Admin bisani dzina chonde. Ndine mtsikana wa ku Chilomoni, dzina langa latuluka ku UNIMA, Bachelor of Arts Humanities ku Zomba. Mtima wanga uli pa literature kuyambira kale, ku sekondale ndinkangokhalira mabuku mpaka anzanga kumanditcha madamu. Vuto ndi amalume amene akundilipirira fizi chimwalirireni bambo, akuti ndakatulo sizigula ufa, bola ndichite accounting konkuno ku Blantyre ndizigona pakhomo za hostel zisawavute. Kuwayankha mwano sindingathe, andilera ndi iwowo, koma tulo sindikupeza. Amene munapanga kosi imeneyi muli kuti pano? Ntchito yake ndi uphunzitsi basi?

— Mchemwali ine ndinadutsa momwemo. Usaganize kuti ukangowerenga manovelo uli gone pa bedi, chimene chimagwetsa anthu ndi theory, za postcolonial (zokhudza atsamunda ndi zimene anatisiyira), a Fanon amene analemba zotsutsa utsamunda, a Ngugi wa Thiong'o a ku Kenya amene anasiya kulemba manovelo m'Chingerezi n'kuyamba Chigikuyu, ndiye iwe uzikangana nawo mu essay ya masamba teni m'Chingerezi chomwecho kkkk. Pano ndimakonza nkhani ku nyuzipepala ina, anzanga ena ali ku wailesi, ena ku ma NGO kulemba malipoti.

— Tisanamizane apa. Ena tili ndi digiri yomweyo tikuphunzitsa pa pulayiveti ku Bangwe, malipiro ake mwezi sufika pakati. Amalumewo sakupenga ayi.

— Ana inu, mlakatuli uja a Jack Mapanje anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chanco pomwepo, boma linawatsekera kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Zinthu zopanda mphamvu boma silimangira munthu.

— Bambo ndiye mukumulimbitsa mtima kapena mukumuopseza? Kkkkk

— Nkhani apa ndi ndalama osati kosi. Funsira ngongole ku Loans Board, bungwe la boma lokongoza ophunzira ndalama, msanga, ndipo kwa amalume usapite wekha, tenga amayi akakhale nawo pansi. Akamva kuti mtolo wa fizi wapepuka mwina afewa. Accounting ukhoza kudzalemba uli kale pa ntchito, malo a ku Chanco ukawataya sadzakudikira.

— Zikomo nonse, ndine mwini post. Amayi avomera tipita Loweruka ku Ndirande kwa amalume. Amene munafunsirapo ngongoleyi ndiuzeni mapepala amene amafuna, ndiyambe kusaka mawa.