Thandizeni pa galamala: mneni akutsogola bwanji pomwe si funso?

Aphunzitsi a Chingerezi amene muli pagulu pano, ndithandizeni. Ndili ku Luchenza, ndikubwereza MSCE, ndipo madzulo tikaweruka ku esiteti timawerenga limodzi ndi anzanga. Takanganirana chiganizo ichi: "No sooner had the bus left Chitakale than it began to rain." Mnzanga wina akuti wolembayo anaphonya, chifukwa kuyambira ku pulayimale tinauzidwa kuti had, did kapena is amatsogola pofunsa funso basi. Ine ndikuti chili bwino, poti ndaonapo "Never have I seen" m'mabuku, koma akandifunsa chifukwa chake ndimangoti kakasi. Lamulo lake likuti chiyani? Chonde musandiuze zongoloweza, mutu woti watha tsiku lonse padzuwa susunga chinthu chosachimvetsa.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe: Achimwene, chiganizocho ndi cholondola. Mukayamba chiganizo ndi mawu okana kapena ochepetsa monga never, seldom, rarely, hardly, no sooner, not only, mneni wothandizira amadumpha n'kukhala kutsogolo kwa mwininkhani, ngati m'funso, koma kumapeto mumaika mpumiro. "I have never seen such fog" chimasanduka "Never have I seen such fog." Tanthauzo silisintha, kungoti chachiwiricho chikutsindika. Pamene ana anga ambiri amagwa ndi pomwe palibe mneni wothandizira. Apo mubwereke do, does kapena did, ndipo mneni weniweniyo akhale wopanda -s kapena -ed: "She rarely comes" chikhala "Rarely does she come", osati comes. Komanso samalani maukwati awa: no sooner amayenda ndi than, hardly ndi scarcely amayenda ndi when.

Mayi wa ku Chisitu: Chimatisokoneza n'choti ife timati "Wabwera mlendo" kapena "Mlendo wabwera", zonse zili bwino, ndipo pofunsa timangoika kodi kapena kukweza mawu. Chingerezi sichilola ufulu umenewo.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe: Zoona amayi. Ndionjezere msampha wina: pa only after ndi not until, kutembenuzako kumachitika m'chigawo chachiwiri. "Only after the rain stopped did we go home." Ndiye pali "Had I known, I would have come", pamene had walowa m'malo mwa if.

Wina wa ku Limbuli: Koma musatengeke n'kumatembenuza paliponse, bwana. "I don't know where is he" n'cholakwika, timati "where he is". Ndipo zimenezi n'za polemba. Mukakayankhula choncho padepoti anthu akakusekani.

Wofunsa: Zikomo nonse, mnzanga uja ndamuonetsa wavomera. Nanga aphunzitsi, bwanji timati "Here comes the bus" koma "Here it comes"? Apa did sakuonekapo.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe: Umenewo ndi mtundu wina. Pambuyo pa here kapena there mneni weniweniyo, monga come kapena go, amatsogola ngati mwininkhani ndi dzina, koma akakhala mlowam'malo monga it, he, she, satembenuka. Lembani ziganizo zanu zisanu muike pano ndikuchongereni.