Kodi zilembo za Chiswahili zimawerengedwa ngati za Chichewa?

Nangondo, Mzuzu:
Ndimagulitsa zitenje, ndipo mwezi wamawa ndiyamba kukapikula ndekha katundu ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, kudzera pachipata cha Songwe. Ndagula kabuku kophunzirira Chiswahili, ndipo ndadabwa kupeza mawu ngati nyumba, moto, mbuzi ndi nyama, amene ali chimodzimodzi ndi athu. Kodi ndingawerenge zonse monga ndimawerengera Chichewa, kapena pali zilembo zimene zingandisocheretse?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, mwayamba bwino, chifukwa Chiswahili ndi chinenero cha gulu la Bantu ngati chathu. Zilembo zake zilipo 24, popeza Q ndi X mulibe, ndipo C saima payekha koma amatsagana ndi H, monga m'mawu akuti chai ndi chakula. Zilembo za liwu ndi zisanu zomwe zija, a, e, i, o, u, ndipo ng' wa ng'ombe amatchulidwa monga timamutchulira ife.

Pamene muyenera kusamala kwambiri ndi pa th. Kwathu th ndi t wotuluka ndi mpweya, monga m'mawu akuti thumba, koma m'Chiswahili muyenera kuika nsonga ya lilime pakati pa mano n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Yesani mawu akuti thelathini, kutanthauza 30, amene mudzawamva tsiku lililonse pokambirana mitengo. Dh amatulukanso pamalo omwewo koma ndi liwu, monga mu fedha, ndalama, pamene gh amachokera kukhosi, monga mu ghali, kutanthauza chinthu chodula. Mawu amenewa anachokera ku Chiarabu, n'chifukwa chake sagwirizana ndi lilime lathu. Komanso zilembo za liwu zikabwera ziwiri muzitchula zonse: kufa ndi kufa komwe timakudziwa, koma kufaa ndi kuyenera.

Dalaivala wa Mathanki:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine ndionjezere nkhani ya l ndi r, imene ndikuona kuti ndiyo imativutitsa kuposa zonse. Ife timasinthanitsa zilembo ziwirizi popanda kusintha tanthauzo, pamene kwa anzathuwa kalamu ndi cholembera, karamu ndi phwando, mahali ndi malo, mahari ndi malowolo. Chaka china ndinaitanidwa ku ukwati wa mnzanga ku Mbeya, ndipo pothokoza bambo ake chifukwa cha phwandolo ndinatchula kalamu. Mkuluyo anandiyang'ana kaye, kenako anandiuza mwaulemu kuti ndigudubuze lilime, ndipo anabwereza nane mawuwo katatu mpaka ndinawakhoza. Kuyambira pamenepo ndimayeserera r ndili pachiwongolero. Muzikumbukiranso, mayi, kuti munthu wamkulu mumamupatsa moni wakuti shikamoo, iye n'kuyankha kuti marahaba.

Mphunzitsi Wopuma:
Zoona, bambo. Ndikufuna mudziwenso kuti zilembo zimene tikukambazi si zoyamba, chifukwa kwa zaka mazana angapo anthu a m'mbali mwa nyanja ya mchere ankalemba Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Zilembo za Chilatini zinafala ndi amishonale monga Johann Ludwig Krapf, amene anasindikiza buku la galamala mu 1850, ndipo pambuyo pake komiti ya zinenero imene inakhazikitsidwa mu 1930 inalongosola kalembedwe motsatira Kiunguja, Chiswahili cha ku Zanzibar. N'chifukwa chake zimene mukuwerenga m'kabuku kanuko zidzakuthandizani ku Tanzania ngakhalenso ku Kenya.

Nachisale, Karonga:
Achemwali, ine pempho langa ndi lakuti musakhulupirire mawu aliwonse ooneka ngati athu. Kupita m'Chiswahili ndi kudutsa, ndipo kupita kwathu kuja iwo amati kwenda. Chinanso ndi nthawi, chifukwa iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Akakuuzani kuti basi inyamuka saa moja asubuhi, musasokonezeke ndi moja, amene ndi 1, chifukwa akutanthauza 7 koloko m'mawa, ndipo saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko. Pogula tikiti muwapemphe kuti akulembereni nthawiyo papepala, kenako mufunse ngati ailemba m'kawerengedwe ka Chiswahili kapena ka Chingelezi.