Botolo la katemera lotsegula kale, tisunge kapena titaye?

NaBanda_HSA:
Moni nonse a zaumoyo. Ndine mlangizi wa zaumoyo, ndangoyamba kumene ntchito pa chipatala china chaching'ono chakumudzi. Lachiwiri pa sikelo tinasungunula katemera wa chikuku cha m'ma 8 koloko m'mawa, ana amene anabayidwa anali anayi okha. Cha m'ma 3 koloko masana kunafika mayi wina ali ndi mwana kumsana, atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Mnzanga anati tibaye wa m'botolo lomwe lija poti linali pozizira tsiku lonse. Mtima wanga unakana, ndinatsegula botolo lina, ndipo tinasemphana mawu chifukwa akuti ndawononga katemera wa ana asanu ndi anayi. Komanso m'firiji muli botolo la Td (katemera wa kafumbata ndi diphtheria) lotsegula kale, lopanda deti. Akuluakulu ndithandizeni, malamulo ake amati chiyani?

Gogo_Nasi:
Mwanangu, munachita bwino, musadandaule. Katemera wa chikuku ndi rubella amabwera ngati ufa, ndipo mukangomusungunula mwayamba kuwerenga maola. Akakwana maola 6, kapena sikelo ikatha, chimene chayamba kufika, botolo limatayidwa. BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti mulibe mankhwala oteteza kuti tizilombo tisaswane m'botolomo. Kuzizira kumangochedwetsa, sikupha tizilombo tolowa pamene singano inkaboola chivindikiro. Mwana wobayidwa katemera wotere angayambe kutentha thupi, kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa, ena amatisiya tsiku lisanathe.

Izi sizongoopseza ayi. M'chaka cha 2017 ku Kapoeta, ku South Sudan, ana 15 anamwalira pa kampeni ya katemera wa chikuku. Atafufuza anapeza kuti sirinji imodzi yosungunulira inagwira ntchito masiku anayi onse a kampeni, katemerayo ali posazizira. Katemerayo analibe vuto, vuto linali kasamalidwe.

Zoti mwawononga madozi asanu ndi anayi, ine sindikuvomereza. Mayi uja mukanamubweza kuti abwere mwezi wamawa, ndani akudziwa kuti akanabweranso? Mvula ikayamba, mtsinje ukadzaza, mwana amakhala miyezi osabayidwa, chikuku n'kumupeza. Katemera anabwerera ana, botolo limatsegulidwa ngakhale mwana ali mmodzi. Mungolemba bwino mu lipoti madozi amene atayidwa kuti a ku ofesi ya boma adziwe poitanitsa wina.

Koma si katemera yense amatayidwa tsiku lomwelo. Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amene anakonzedwanso mu 2014 amalola kusunga mabotolo ena otsegula mpaka masiku 28, monga Td, madontho a poliyo ndi penta (katemera woteteza matenda asanu) wamadzi wa m'botolo la madozi ambiri. Koma deti yake ikhale isanathe, akhale kuti wasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 osaundana, ndipo VVM, kachizindikiro ka pa botolo kamene kamada katemera akatenthedwa, ikhale ikadali bwino, kabokosi ka m'kati kakhale kowala kuposa bwalo lozungulira. Mukasokonezeka, onani pamene pali VVM. Ikakhala pa chipepala cha m'mbali mwa botolo, ndi wa masiku 28. Ikakhala pa chivindikiro, ndi wa maola 6, chifukwa mukatsegula imachoka pamodzi ndi chivindikirocho.

Td wanu wopanda detiyo, ngati palibe amene angatsimikize ndi kaundula tsiku limene anatsegulidwa, atayidwe. Kuyambira lero cholembera chizikhala pambali pa firiji, botolo lizilembedwa deti ndi nthawi musanakoke dozi yoyamba.

Phiri_wa_Firiji:
Agogo anena zonse, ine ndingowonjezera za kuundana, poti ambiri timangoopa kutentha. Td ndi penta akaundana amatha mphamvu, ndipo VVM sikuuzani kanthu, imangoona kutentha basi. Ndaonapo anthu akutulutsa ice pack (paketi ya madzi oundana) mu freezer n'kuiponya mu carrier (bokosi lonyamulira katemera) ili gwa, mabotolo atagunda pomwepo. Iyambe yakhala patebulo mpaka muzimva madzi akukhuchumuka m'kati mukaigwedeza. Ngati mukukayikira botolo, pali shake test: mumaundanitsa dala botolo lina la batch yomweyo (lopangidwira limodzi ndi lokayikitsalo), likasungunuka mumagwedeza onse awiri pamodzi n'kuwaimika. Lokayikitsalo likadikha msanga ngati loundanitsa lija, latha ntchito.

Mabotolo otsegula muziwaika m'kabokosi kawokawo m'firiji, olembedwa kuti ayambe kugwira ntchito ndi amenewo sikelo yotsatira. Ndipo musasiye singano itazikika pa chivindikiro kuti muzikokera mosavuta, chimenecho ndi chitseko cha tizilombo.

NaBanda_HSA:
Zikomo kwambiri agogo ndi a Phiri, mtima wakhala pansi. Nanga tikapita ku sikelo ya kumudzi pa njinga, Td wotsegulidwa kumeneko tingabwerere naye m'firiji? Nthawi zina tikamafika madzi oundana amakhala atasungunuka.

Gogo_Nasi:
Malangizo a WHO sakuletsa, bola zonse ndanena zija zikhale zakwaniritsidwa, koma funsaninso EPI coordinator, mkulu woyang'anira za katemera m'boma lanu, kuti muzichita chimodzimodzi ndi anzanu. Chimene muyenera kuyang'ana mukafika ndi ichi: ngati botolo lagwera m'madzi pansi pa carrier mpaka chivindikiro chanyowa, kapena chipepala chamatuka moti deti ndi VVM sizikuwerengeka, musalibwezere m'firiji. Pa sikelo muzilowetsa botolo lotsegula pa siponji ya pamwamba pa carrier ija, pamthunzi, m'malo momangotsegula ndi kutseka. Madzi osungunulira nawo alowe m'firiji dzulo lake kuti azizire, ndipo akhale a kampani yomweyo imene inapanga katemerayo. Mnzanuyo mumuonetse zimene talemba pano mwaulemu, mwina anangophunzira kwa amene anawapeza.