Makina otsuka pool aima, tikonze akalewa kapena tigule loboti?

Anaphiri: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru abale, ine mutu waima. Pa loji yathu kuno ku Senga Bay tili ndi ka swimming pool kapakatikati, nde tili ndi makina aja oyenda okha pansi pa madzi kumayamwa zinyalala, olumikiza ku pampu ndi paipi yaitali ija. Atitumikira zaka zitatu koma sabata ino angoima, ukayatsa pampu amagwedera pang'ono kenako zii, pansi ponse mchenga ndi masamba okhaokha. Bambo akunyumba akuti tisavutike tingogula loboti yamagetsi yoyenda ndi timateyala ija, anaiona pa Facebook, ine mtima ukukana poti ndalama yake ndi yoti nkufolera zipinda ziwiri. Alipo anaigulapo? Loweruka tili ndi alendo a ukwati ochokera ku Lilongwe.

aBanda a mapaipi: Mayi musathamangire kugula. Makina amenewo safa wamba, alibe mota alibe waya, mphamvu yawo yonse ndi kukoka kwa pampu basi, nde akaima kawirikawiri wodwala amakhala pampu kapena paipi osati iwowo. Tandiuzani kaye, mukasuzumira pa chivindikiro choonekera mkati chija cha pampu, madzi adzaza mpaka pamwamba kapena pali mpweya ukuvinavina? Nanga pomwe madzi amabwerera mu pool, pakutuluka thovu?

Anaphiri: Thovu lilipo bambo, lambiri ndithu. Ndimayesa ndi mmene zimakhalira.

aBanda a mapaipi: Ayi si mmene zimakhalira. Mpweya ukulowa penapake.

aMbewe: Achemwali ine ndili mbali ya alamu anga, gulani loboti. Ife kuno ku Nkhotakota tinagula chaka chatha ndipo sindikudandaula olo pang'ono. Oyamwawo tinali nawo, vuto lawo ndi loti pampu iyenera kulira maola ambiri kuti azungulire pool yonse, ndipo amangoyenda chisawawa, ngodya ina amaidutsa kakhumi ina osafikako. Pampu yathu ndi ya 0.75 kW, magetsi akazima ndiye kuti jenereta, mafuta mukuwadziwa mmene amasowera nthawi zina. Loboti imadya magetsi ochepa kwambiri, ife timaiyendetsa pa sola kudzera pa inverter, maola awiri kapena atatu yamaliza, imakwera khoma kumakwecha ndi maburashi ake, zinyalala imasunga mkabasiketi kake komwe sizipita ku fyuluta ya mchenga. Mukukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga ku Kapichira mmene magetsi ankazimira? Pool yathu inasanduka yobiriwira ngati dambo, alendo kumangoyang'ana nkubwerera. Ine kuyambira pamenepo chilichonse chodalira pampu yokha ndimachikayikira.

Nkhoma: Pepani akuluakulu ndilowererepo, ine ntchito yanga ndi yomweyi yotsuka ma pool, chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri. Bambo Mbewe zomwe mwanenazo ndi zoona koma pool yanu sinabiriwire chifukwa chosowa loboti, inabiriwira chifukwa madzi samazungulira ndipo klorini samasakanikira. Olo mukanakhala ndi loboti ndere zikanabwerabe, loboti imatola zapansi koma madzi enieniwo amayeretsedwa ndi pampu ndi fyuluta ndi mankhwala. Pampu simungaithawe.

aMbewe: Zoona aise, pampu timayatsabe, koma maola ake tinachepetsa.

Nkhoma: Ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona pa loji ina yomwe ndinkagwirako, dzina sinditchula. Anagula loboti yabwino kwambiri, miyezi yoyamba aliyense kumabwera kudzaiona ikukwera khoma. Tsiku lina magetsi anabwera mwamphamvu atazima, kabokosi kake kaja kokhala kunja kotsitsa mphamvu ya magetsi kanapsa, kufungo kwa waya wopsa basi. Tinafunsa ku Salima palibe, ku Lilongwe anati tiodere, mpaka abwana anachita kutuma munthu wa basi ya ku Johannesburg ndipo tinadikira miyezi, nthawi yonseyo loboti ili mu sitolo ine ndikutsuka ndi manja ngati kale. Itayambanso kuyenda panabwera vuto la chingwe kupotana, kenako tsitsi ndi ulusi wa mameshi kukulungana pa kachipupa kake kokoka madzi mkatimo, ichocho ndinkachotsa ndekha ndi kawaya, koma madzi akalowa mu mota palibe wa kuno angaitsegule nkuitsekanso bwinobwino. Pomwe oyamwawa ndimawaphwasula ndili chikhalire pamphepete pa pool, chomwe chimayenda mkatimo ndi chimodzi chokha.

Anachisale: Ine ndingofunsa, pool ya chani pomwe nyanja ili pakhomo pompo? Ndalama zonsezi bwanji osakonzera gombe.

Anaphiri: Anzanga alendo ambiri makamaka obwera ndi ana amaopa likodzo, ena amaopa mafunde, nthawi ino ya mwera nyanja imakalipa mwana sungamusiye alowe. Akamaimba foni funso loyamba ndi loti pool ilipo? Ukati yafa amapita kwa aneba. Ndiye kwa ife si chokongoletsera ayi.

Anachisale: Ndamva mayi, ndiye ndi nkhani ya bizinesi.

aBanda a mapaipi: Tibwerere ku thovu lija. Mayi chitani izi motsatana, muli ndi mnyamata wanu pafupi eti? Choyamba zimitsani pampu, musatsegule kanthu ikulira. Onani madzi mu pool ngati afika pakati pa kakhomo ka weir, kaja ka pakhoma la pool pomwe madzi amalowera kupita ku pampu, akatsika pampu imameza mpweya. Chotsani zinyalala mkabasiketi ka mu weir ndi ka mu pampu. Ndiye pa chivindikiro cha pampu pali kalabala kozungulira, O-ring, kachotseni mukapukute mukayang'anitsitse, kakaphwatalala kapena kung'aluka ndi komweko kakulowetsa mpweya. Pobwezera musapake Vaseline chonde, ambiri amatero koma amafufumitsa labala nkumuononga, pamafunika girisi wa silicone. Mukatero muone geji ya pa fyuluta, ngati muvi wakwera kuposa masiku onse ndiye kuti mchenga wa mkatimo wadzaza litsiro, mutembenuze chogwirira cha valavu ya pa fyuluta mupange backwash, ndiko kuyendetsa madzi chobwerera kuti atsuke mchengawo, mpaka madzi a pa kagalasi ka pa valavupo ayere, mphindi ziwiri zitatu, kenako kutsukuluza pa rinse pang'ono, kenako mubwezere pa filter. Chogwirira cha valavu chija musamachitembenuze pampu ikuyenda, mumang'amba labala wa mkati.

Anaphiri: Backwash tinapanga liti kaya, ndimufunsa. Ndikupita konko.

Nkhoma: Mayi mukafika muonenso mapaipi a makinawo, aja olumikiza chidutswa chidutswa. Dzuwa la kuno limawaumitsa nkumang'aluka mmakwinya mwake, diso silingaone msanga. Pampu ikuyenda muzinyamula chidutswa chimodzi chimodzi pamwamba pa madzi nkutchera khutu, chong'aluka chimalira tsiii. Komanso ngati mnyamata wanu amawapinda ngati nkhata posunga amuuze asiye, paipi ikazolowera kupindika makina amangozungulira malo amodzi. Azigoneka mowongoka pamthunzi.

aMbewe: Mwaona ntchito yonseyi? Ndi zomwe ndinatopa nazo ine. Lero labala mawa paipi.

aBanda a mapaipi: Bwana Mbewe labalayo ndi ndalama zingati poyerekeza ndi kabokosi kaja kanapsa? Ine sindikunyoza loboti, ndi chida chabwino, kwa munthu wa pool yaikulu yokhala ndi alendo tsiku ndi tsiku komanso ali ndi njira yopezera masipeya ndingamuuze agule. Koma muganize kuti zonsezi timagula ndi ndalama yakunja, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo katundu wa mtundu uwu anakwera nthawi yomweyo. Oyamwawa kwawo ndi konkuno kummwera kwa Africa, Kreepy Krauly yoyamba anaipanga Ferdinand Chauvier ku Springs ku South Africa mu 1974, nchifukwa chake anthu makina aliwonse a mtunduwu amangoti Kreepy olo akhale a kampani ina. Ku Joni masipeya ake ali mbwee mmashopu a zomangira, kachikwama kamodzi munthu wa basi amakubweretserani okwana zaka ziwiri.

Anaphiri: Ndabwerako. Bambo Banda munalondola. Kalabala ka pa chivindikiro kaphwatalala ngati lamba ndipo mbali imodzi kang'aluka, nditakapinda pang'ono mng'alu unaonekera bwinobwino, mnyamata akuti wakhala akumanga chivindikirocho mwamphamvu ndi sipanala kuti thovu lisiye. Kabasiketi ka mu pampu kanali kodzaza nkhuyu zophwanyika, anyani aja amadyera mu mkuyu wa kuseri kwa khitchini nkumagwetsera mmadzi. Backwash akuti anapanga mwezi wapitawu, madzi omwe atuluka lero anali ngati a mchithaphwi. Paipi imodzi yokha ndi yomwe ikulira, taichotsa.

Nkhoma: Nanga mmakinamo mwatsegula mayi? Anu ndi a mtundu uti, olira kho kho kho ngati akukhoma kapena oyenda mwakachetechete?

Anaphiri: Achete aja.

Nkhoma: Ndiye ali ndi diaphragm, kalabala konga kachubu kofewa kamene kamatseka nkutseguka madzi akamadutsa, kugunda kumeneko ndi komwe kumawayendetsa. Masulani paipi yolimba ya kumbuyo ija mukasolole, mukaunike padzuwa mukukakoka pang'ono. Olira aja amakhala ndi kapulasitiki kolimba komenya uku ndi uku, amenewo kamwala kakalowa amaima koma ukakachotsa basi ayambanso.

Anaphiri: Tasolola. Pakhosi pake panatsakamira chitsekerero cha botolo, chachitsulo chija cha mano mano, ndipo chacheka labalayo pambali ngati lezala, mng'alu wake kutalika ngati chikhadabo. Ndiye kuti mavuto anali awiri nthawi imodzi.

aBanda a mapaipi: Ndi zimenezo. Kalabala ka pampu pitani nako kakaleko ku mahadiweya a pa Kamuzu Road kapena kwa ogulitsa masipeya a mapampu mukayerekeze saizi, mukalephera ndiimbireni ndili nato tingapo. Diaphragm yokhayo musamate ndi guluu kapena chigamba cha njinga, ndinayesapo sizikhalitsa, labalayo amapindika kosalekeza. Tumani ku Lilongwe ku mashopu a zinthu za pool, mutumize chithunzi cha yakaleyo ndi dzina la makina anu chifukwa sizilowana zonse, ndipo mugule ziwiri. Muonenso chimbale chalabala chapansi chija ndi kaphazi kake, zikatha makina amaterereka osagwira pansi.

Anachisale: Koma ine chomwe chikundikhudza, bambo akunyumba akufuna loboti chifukwa cha ukhondo kapena akuwerengera kuti mnyamatayo achoke? Ndafunsa poti ndaonapo zoterozo.

Anaphiri: Sindibisa, anazitchulapo. Akuti malipiro a chaka ndi theka abweza ndalama ya loboti. Ine ndinakana, mwanayu ali ndi banja ku Lifuwu ndipo amagwiranso za pabwalo.

Nkhoma: Mayi zikomo poyankhula mosabisa. Ndikunena osati chifukwa ndi ntchito yanga yokha, koma muwauze bambo kuti palibe makina omwe amayeza madzi. Mmawa uliwonse pamafunika munthu aone pH, muyeso wa asidi mmadzi, ngati ili pakati pa 7.2 ndi 7.6, aone klorini, athire mankhwala, ndipo tsiku lothira klorini wambiri uja makina aliwonse amayenera kutulutsidwa mmadzi apo ayi labala ndi pulasitiki zimafumbutuka msanga. Nkhungu zouluka zija zikatuluka mnyanja nkugwera pa pool mmawa mumapeza pamwamba ponse bii, zimenezo zimayandama, loboti ili pansi singazione, ndipo oyamwawo akalumikizidwa ku weir ndiye kuti weir sikokanso bwino zapamwamba, pamafunika munthu ndi kaukonde. Masitepe ndi mngodya ndi burashi yamanja. Loboti yomweyo ikamaliza wina aitulutse, ndi yolemera ikadzaza madzi, atsuke kabasiketi, awongole chingwe, aiike pamthunzi. Mukachotsa munthu ntchito imeneyo igwera inuyo mayi.

aMbewe: Apa sinditsutsa, wathu sitinamuchotse, kungoti nthawi yomwe ankathera pa pool pano amathandiza ku bala. Koma achemwali ndikuumirirabe pamodzi, mchenga wa mwera. Mphepo ikamaomba masiku atatu osaleka oyamwawo amakankhira mchenga wonse ndi fumbi ku pampu ndi ku fyuluta, mumapanga backwash pafupipafupi, madzi otayika ndi ambiri limodzi ndi klorini yemwe mwagula modula. Muziwerengere zimenezo pa chaka musanati loboti ndi yodula. Mukadzagula mudzaikire choteteza magetsi obwera mwamphamvu, ife tinaika, ndipo mudzafunse wogulitsayo ngati amasunga masipeya konkuno musanapereke ndalama.

aBanda a mapaipi: Funso lomalizalo ndi lomwe ndimafuna. Akakayankha mozungulira musagule. Za masamba ndi nkhuyu pali kachitini kosefa komwe mumalumikiza pakati pa mapaipi a makinawo, kamagwira zikuluzikulu zisanafike ku pampu, nkotchipa, muitanitse limodzi ndi diaphragm. Zitsekerero zokha ndiye uzani a ku bala azitsegulira mabotolo konko.

Anaphiri: Kalabala kapezeka, mnyamata anakwera kabaza mpaka pa boma wabwera nako. Tabwezera, thovu latha, madzi mu pampu adzaza mpaka pa chivindikiro ndipo ukaika dzanja pa paipi ikukoka mwamphamvu zedi mmene sinakokerepo chaka chino. Diaphragm mchemwali wanga wa ku Area 25 akaifuna mawa, akaipeza aipatsira minibasi Lachinayi. Bambo ndawawerengera zonse mwalembazi, sanagonje kwenikweni, akuti tione mmene makinawa ayendere mpaka mwera utatha ndiye tidzakambirane za loboti, koma za mnyamata avomera kuti akhala.

Nkhoma: Ikachedwa musadandaule mayi, mmene pampu ikukokera choncho vacuum yamanja igwira bwino. Lachisanu madzulo akweche makoma asiye litsiro likhazikike usiku, Loweruka mmamawa ayamwe pang'onopang'ono osavundula, alendo akamafika pansi padzakhala poyera. Ndipo polumikiza makinawo amize paipi yonse choimika chidutswa chidutswa idzaze madzi kaye asanaiike ku weir, akapanda kutero pampu imezanso mpweya muganiza kuti vuto labwerera.

Anaphiri: Ndamuuza, ali pompano akumva. Bambo Banda girisi wa silicone uja sanamupeze, mukamadutsa kuno mawa mutitengereko.